Utsi wa malole pachipata cha Mwanza ndi kafukufuku wa plasma

Aliyense amene anadutsapo pachipata cha Mwanza, polowera ku Zobue m'dziko la Mozambique, amaudziwa mdipiti wa malole odikira kuti mapepala a katundu atheke. Madalaivala ena amasiya injini zikulira, ndipo utsi wake amaupuma ndi amayi ogulitsa manachesi m'mbali mwa msewu.

Mu utsi wa dizilo muli mpweya umene akatswiri amautcha NOx. Umapangika pamene nitrogen ndi oxygen, zomwe zili mu mpweya wa masiku onse, zaphatikizana chifukwa cha kutentha kwa mkati mwa injini. Mpweyawu umatupitsa njira zopumira, ndipo odwala mphumu ndiwo amayamba kuumva. Mu 2021 bungwe la WHO linatsitsa mlingo wa pachaka wa nitrogen dioxide, umodzi wa mipweya imeneyi, kuchoka pa mamaikulogalamu 40 kufika pa 10 pa kyubiki mita.

Malole amakono ali ndi chosefera chotchedwa SCR. Chimapopera mu utsi madzi a urea, aja amagulitsidwa pa dzina la AdBlue, ndipo NOx imasanduka nitrogen ndi nthunzi. Vuto nlakuti chipangizochi chimafuna utsi wotentha pafupifupi madigiri 200. Lole ikamakwera mapiri itasenza katundu, kutenthako kumakwana. Ikangoima pamzere injini ikulira pang'onopang'ono, utsi umazizira ndipo chosefera chimagona. Tinganene kuti chimalephera pamalo penipeni pomwe pali anthu.

Apa ndi pomwe ofufuza akuyesera plasma. Amadutsitsa utsi pakati pa zitsulo zokhala ndi magetsi amphamvu kwambiri, ndipo timphezi ting'onoting'ono timaphwanya tizigawo ta mpweya popanda kuutenthetsa wonse. Zikatero gawo lina la nitric oxide limasanduka nitrogen dioxide, ndipo ziwirizi zikachuluka mofanana, chosefera chimagwira ntchito msanga ngakhale utsi usanatenthe kwenikweni.

Komatu magetsiwo amachokera ku injini yomweyo, choncho mafuta amatha ochulukirapo, nkhani yosakoma kwa eni malole m'dziko lomwe dizilo amachita kuitanitsa kunja. Njirayi ikadali kwenikweni m'malo ofufuzira. Ndiponso plasma imangothandiza chosefera chomwe chilipo kale, pamene malole akale ambiri odutsa pa Mwanza alibe ngakhale SCR yeniyeniyo.