Nyanja ya M'lichero: Kuphunzitsa Kusamala Chilengedwe mwa Masewera

M'chaka cha 1976 boma lidakhazikitsa tsiku lodzala mitengo, la 21 Januwale, lomwe pambuyo pake lidasanduka nyengo yathunthu. Kuyambira pamenepo ana a sukulu akhala akudzala mbande chaka ndi chaka. Ngakhale zili tero, munthu amene adaona phiri la Ndirande lili ndi nkhalango angagwidwe ndi chisoni ataliona lero. Mukafunsa mwana wa Sitandade 6 kuipa kodula mitengo mwachisawawa, adzakuyankhani mosajejema monga adalembera m'kope mwake. Vuto tsono nlakuti phunziro longoloweza limathera m'chipinda cholembera mayeso, osafika mumtima.

Makolo athu sadali kuphunzitsa choncho. Mnyamata ankaphunzira kuwerenga ndi kulingalira za kutsogolo pa bawo, la maenje 32 ndi nkhomo 64, pamene mtsikana ankaphunzira kudekha ndi changu cha manja pa phada. Mphunzitsi wa lero angathe kutsata njira yomweyo, ndipo safuna ndalama ngakhale tambala imodzi.

Tengani lichero, muikemo nyemba 24. Licherolo ndi nyanja, nyembazo ndi chambo. Khazikani ana anayi mozungulira. Amenewa ndiwo asodzi. Auzeni kuti ulendo uliwonse ndi chaka chimodzi, ndipo aliyense angathe kutapa nsomba monga afunira, koma asalankhulane. Auzeninso kuti chaka chikatha, nsomba iliyonse yotsala idzaswa ina imodzi, kungoti nyanjayo siingasunge nsomba zoposa 24.

Kawirikawiri chimene chimachitika nchakuti manja onse amalowa m'lichero nthawi imodzi, ndipo nyanja imauma chaka choyamba chomwecho. Akagawana mofanana, aliyense amapeza nsomba 6, masewera nkuthera pomwepo. Apa mphunzitsi asafulumire kudzudzula. Angobwezera nyembazo, nkuwalola anawo kuti tsopano apangane. Posakhalitsa mmodzi adzazindikira kuti aliyense akatenga zitatu zokha, zimatsala 12, zomwe zimaswana nkubwerera pa 24. Motero m'zaka 10 msodzi aliyense amapha nsomba 30, nyanja ili chidzalire. Wadyera adadya 6, wodziletsa wadya 30. Masamu amenewa mwana amene wawapeza ndi manja ake sadzawaiwala.

Chokoma chenicheni chimadza wina akaswa pangano, natapa zisanu mozemba. Pamabuka mkangano, ndipo mphunzitsi wanzeru amauleka kuti upse. Anawo okha amayamba kufunsana: ndani adzilondera nyanja? Wakuba alipe chiyani? Mwa njira iyi amadzipangira malamulo, mlonda ndi bwalo la milandu popanda wowalembera pa bolodi.

Pamenepo ndi pamene mphunzitsi awauze kuti izi si nthano. M'zaka za m'ma 1980 nyanja ya Malombe inkatulutsa chambo chochuluka, koma pofika m'ma 1990 chidali chitasowa, kaamba ka kuchuluka kwa asodzi ndi makoka a maso aang'ono omwe ankakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe. Koma pa chilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Makanjira ku Salima, usodzi umatsekedwa m'nyengo ya mvula chaka chilichonse, mwambo umene udayamba m'ma 1950, ndipo asodzi amapitabe kumeneko kukapha utaka. Mayi wina wophunzira kwambiri wa ku America, Elinor Ostrom, adalandira mphoto ya Nobel mu 2009 chifukwa chosonyeza kuti anthu wamba angathe kusunga chuma cha onse, monga nkhalango, madambo ndi nyanja, akadziikira malamulo eni ake ndi kumalondana. Nzeru yomweyo ndiyo ana anayi aja aitulukira pa lichero.

Kusukulu za kutali ndi nyanja, licherolo likhale nkhalango ya m'mudzi, nyemba zikhale mitengo, ndipo ana akhale otola nkhuni ndi ootcha makala. Phunziro lake nlimodzimodzi.

Komabe aphunzitsi asamale zinthu ziwiri. Choyamba, masewera opanda kukambirana pamapeto pake ndi phokoso chabe. Nthawi yofunsana chimene chachitika isachepe. Chachiwiri, m'kalasimo mungakhale mwana amene yunifolomu yake idagulidwa ndi ndalama za makala. Ameneyu asasekedwe. Mmalo mwake, ikani m'masewerawo msodzi amene ayenera kupha nsomba zinayi kuti banja lake lisagone ndi njala, ndipo anzake aganize mmene angamuthandizire nyanja osauma. Kunena zoona, pamenepo mpamene pagona vuto la dziko lathu, pakuti ambiri oononga chilengedwe sachita dala koma umphawi.

Inunso achinyamata amene mwatsiriza sukulu, musati zimenezi nza aphunzitsi okha. Lichero lilipo pakhomo, abale anu aang'ono aliponso. Akuluakulu adati kuongola mtengo mpoyamba. Yesani madzulo ano, muone ngati nyanja yanu ifika chaka chakhumi.