Momwe ntchito zachisamaliro cha m'madera zimathandizira mabanja ovutika ndi othawa kwawo kuimanso paokha

Banja likagwa mu umphawi wadzaoneni, kapena likafika m'dziko muno litathawa nkhondo kwawo, funso loyamba limakhala lakuti lidya chiyani lero. Funso lachiwiri, lomwe ndi lovuta kuyankha, ndi lakuti banjalo lidzaima bwanji palokha thandizo likadzatha. Ntchito zachisamaliro cha anthu zimene Boma ndi mabungwe amagwira m'madera zidakhazikitsidwa pofuna kuyankha mafunso awiriwa, ndipo ogwira ntchito m'boma, makamaka a m'makhonsolo, ayenera kudziwa momwe ntchitozi zimayendera popeza zambiri mwa izo zimadutsa m'manja mwawo.

Mtukula Pakhomo ndi kasankhidwe ka mabanja

Ndondomeko yodziwika kwambiri pa ntchitoyi ndi ya Mtukula Pakhomo, yomwe idayamba mongoyeserera m'boma la Mchinji m'chaka cha 2006 ndi thandizo la bungwe la UNICEF. Pofika chaka cha 2018 ndondomekoyi idali itafalikira m'maboma onse 28 a m'dziko muno, ndi ndalama zochokera ku Boma la Malawi, maiko a Germany ndi Ireland, bungwe la European Union komanso Banki Yaikulu Padziko Lonse.

Malinga ndi momwe idakhazikitsidwira, ndondomekoyi idalinga mabanja khumi mwa mabanja 100 alionse m'boma, ndipo banja limayenera kukwaniritsa mfundo ziwiri. Yoyamba ndi yakuti likhale losaukitsitsa, lomwe kawirikawiri limadya kamodzi patsiku ndipo lilibe katundu woti lingagulitse. Yachiwiri ndi yakuti likhale lopanda munthu wamphamvu zogwirira ntchito, kapena munthu wamphamvuyo akhale mmodzi yekha wosamala anthu oposa atatu. Ichi ndicho chifukwa chake ambiri mwa olandira thandizoli ndi agogo olera adzukulu amasiye, amayi amasiye, anthu aulumali ndi odwala matenda amgonagona.

Kusankha mabanjawa kumayambira kumudzi. Anthu a m'dera amasankha komiti, yomwe imaphunzitsidwa ndi a ofesi yoona zachisamaliro cha anthu paboma. Mabanja amayenderedwa ndi kulembedwa, maina amawerengedwa pamsonkhano wa anthu onse kuti wosakhutira alankhule, kenaka khonsolo imavomereza. M'zaka zapitazi Boma lidakhazikitsanso kaundula mmodzi wa mabanja, amene ndondomeko zosiyanasiyana zimatengamo maina, pofuna kupewa zoti banja limodzi lizilandira kawiri pomwe loyandikana nalo silikulandira kanthu.

Ndalama zimene banja limalandira zimatengera kuchuluka kwa anthu a m'banjamo, ndipo pamakhala kangachepe koonjezera pa mwana aliyense amene ali pasukulu. Kale ndalamazi zinkaperekedwa pamanja pokha, koma m'maboma ambiri tsopano zimadzera kubanki kapena pafoni yam'manja.

Ena amadandaula kuti kupereka ndalama kwa munthu osamuuza chochita nazo kumalimbikitsa ulesi. Kafukufuku amene adachitika m'maboma a Salima ndi Mangochi pakati pa 2013 ndi 2015, motsogozedwa ndi sukulu yaukachenjede ya North Carolina pamodzi ndi akatswiri a ku Chancellor College ku Zomba, adapeza zosiyana ndi nkhawayi. Mabanja olandira thandizo adayamba kudya mokwanirako, ana ambiri adapitiriza sukulu, ndipo ambiri adagula nkhuku, mbuzi ndi zipangizo zaulimi.

Kuchoka pa kulandira kufika pa kudzidalira

Ndalama za Mtukula Pakhomo pazokha sizingachotse banja mu umphawi, zimangoliimitsa kuti lisapitirire kumira. N'chifukwa chake ndondomeko yachiwiri ya dziko yothandizira anthu ovutika, yomwe idakhazikitsidwa m'chaka cha 2018, idatsindika zoti thandizo losiyanasiyana lizilumikizana m'malo moti lililonse liziyenda palokha.

Banja limene layamba kulandira ndalama limalimbikitsidwa kulowa m'gulu la banki m'khonde, momwe mamembala amasonkha masheya sabata ndi sabata, kubwerekana pachiwongoladzanja chomwe agwirizana, ndi kugawana pakutha pa chaka. Apa ndi pomwe mayi amapeza mpamba wa geni ya tomato kapena mandasi. Mabanja osauka koma okhala ndi anthu amphamvu amalowa m'ntchito zachitukuko zolipidwa, monga kulambula misewu, kukumba migula ndi kubzala mitengo, ntchito zomwe zidatchuka kuyambira nthawi ya MASAF m'zaka za m'ma 1990. Ana aang'ono amapita kusukulu zamkombaphala zoyendetsedwa ndi anthu ongodzipereka, zomwe zimapatsa makolo mpata wopita kumunda, pomwe a kupulaimale amalandira phala m'sukulu zambiri kudzera m'mabungwe monga Mary's Meals, lomwe lidayamba ntchito yake m'dziko muno m'chaka cha 2002.

Pambali pa chuma pali chitetezo. Lamulo loona za chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo kwa ana la m'chaka cha 2010 lidapereka udindo kwa makhonsolo woteteza ana a m'madera awo. Alangizi oteteza ana kumidzi, nthambi za polisi zothandiza ochitiridwa nkhanza ndi malo a chikwanekwane m'zipatala zina ndiwo amalandira nkhani za ana okwatiwitsidwa, amayi omenyedwa ndi ana amasiye olandidwa chuma.

Alendo othawa nkhondo

Dziko la Malawi lili ndi mbiri yaitali yolandira anthu othawa kwawo. Pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ku Mozambique, anthu oposa miliyoni imodzi adathawira kuno, ambiri n'kukhala m'midzi ya m'malire pakati pa abale awo a chilankhulo chimodzi, kufikira pomwe adabwerera pambuyo pa pangano la mtendere lomwe lidasainidwa ku Rome m'chaka cha 1992.

M'chaka cha 1994 Boma lidatsegula msasa wa Dzaleka m'boma la Dowa, pamalo pomwe kale padali ndende ya akaidi andale. Msasawu udakonzedwa kuti uzisunga anthu osaposa 12,000, koma pofika chaka cha 2023 udali ndi anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Democratic Republic of Congo, Burundi ndi Rwanda. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, koma ku Dzaleka mamewo sadakamuke: kuli anthu amene adabadwira mumsasamo ndipo lero ali ndi ana awo.

Thandizo la anthuwa limadzera njira yosiyana ndi ya nzika. Nthambi ya Boma yoona za anthu othawa kwawo, mogwirizana ndi bungwe la UNHCR, imalembetsa ofika kumene ndi kuunika zifukwa zomwe adachokera kwawo, potsatira lamulo la m'chaka cha 1989. Bungwe la WFP ndilo lakhala likupereka thandizo la chakudya, poyamba chimanga, nyemba ndi mafuta ophikira, kenaka ndalama. Bungwe la Jesuit Refugee Service lakhala likuyendetsa maphunziro mumsasamo kwa zaka zambiri, pomwe la There Is Hope, lomwe adayambitsa a Innocent Magambi, amenenso adakhalapo mumsasawu, lidadziwika ndi maphunziro a ntchito zamanja monga ukalipentala, kusoka ndi kumanga.

Mfundo yofunika kuimvetsa ndi yakuti zambiri mwa ntchitozi zimapindulitsanso Amalawi ozungulira. Chipatala cha Dzaleka chimalandira odwala ochokera m'midzi yapafupi, ana a Amalawi amaphunzira limodzi ndi ana a othawa kwawo, ndipo pamsika wa Lachiwiri alimi a ku Dowa amagulitsa zokolola zawo. Chikondwerero cha Tumaini, chomwe adayambitsa mlakatuli Menes La Plume m'chaka cha 2014, chidakopa alendo ambiri ogona m'nyumba za anthu a mumsasamo, ndalama n'kutsalira mabanjawo.

Malire a thandizoli

Pomwe dziko lino lidalowa m'pangano la maiko la m'chaka cha 1951 lokhudza anthu othawa kwawo, lidakana kumangidwa ndi ndime zina, kuphatikizapo zokhudza kuyenda momasuka ndi kulembedwa ntchito. Ichi ndicho maziko a mfundo yakuti othawa kwawo azikhala mumsasa, yomwe Boma lidakhwimitsa m'chaka cha 2023 pobweza ku Dzaleka anthu amene adakhazikika m'matauni ndi m'malo ochitira malonda. Zotsatira zake n'zakuti wachinyamata akhoza kuphunzira luso, koma msika wa luso lakelo n'kuthera pampanda wa msasa. M'chaka chomwecho bungwe la WFP lidadula ndi theka thandizo la chakudya ku Dzaleka kaamba ka kuchepa kwa ndalama.

Mavuto ofananako aliponso kumbali ya nzika. Gawo lalikulu la ndalama za Mtukula Pakhomo lakhala likuchokera kunja, mabanja osaukitsitsa ndi ochuluka kuposa amene amalembedwa, ndipo kukwera mtengo kwa zinthu kumachepetsa mphamvu ya ndalama yomwe banja limalandira. Ngozi zogwa mwadzidzidzi monga namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 zimathanso kukokolola m'masiku ochepa zonse zimene banja lidasonkhanitsa m'zaka zingapo. Palinso Amalawi obwerera kuchokera ku South Africa chimanjamanja, monga zidachitikira m'zaka za 2008 ndi 2015 pomwe alendo ankachitiridwa nkhanza m'dzikomo. Anthu otere akafika kumudzi amafunika kulumikizidwa ndi magulu omwewa, osati kungowapatsa yoyendera basi.

Udindo wa wogwira ntchito m'boma

Pa zonsezi, cholakwika chaching'ono cha muofesi chimasanduka vuto lalikulu pakhomo. Dzina lolembedwa mosiyana ndi la pachiphaso chaunzika likhoza kumanitsa gogo ndalama kwa miyezi ingapo. Dandaulo losiyidwa m'kabati limapha chikhulupiriro cha mudzi wonse pa komiti yomwe udasankha wokha. Ndipo dzina la mbale wa mfumu kapena wa mlangizi likalowa pamndandanda mwachinyengo, ndiye kuti pali banja lina loyenera lomwe lachotsedwa.

Akuluakulu a m'makhonsolo, alangizi a zaulimi, azaumoyo, aphunzitsi ndi apolisi akuyenera kudziwa komwe angatumize banja lomwe vuto lake laposa ofesi yawo, ndi kutsatira ngati lathandizidwadi. Ayeneranso kufotokozera anthu momveka bwino mfundo zosankhira olandira thandizo, chifukwa nsanje pakati pa olandira ndi osalandira, kapena pakati pa alendo ndi eni dera, imakula pomwe anthu sakudziwa chifukwa chimene wina walembedwera. Banja limati lathandizidwa pomwe ana ake ali m'kalasi, m'khola muli chiweto, ndipo likhoza kudutsa miyezi ya njala osagulitsa khasu.