Madzi a m'mijigo ya ku Kanyika ayezedwe mgodi usanayambe

Nkhani ya mgodi wa Kanyika, m'dera la Inkosi Mabulabo kummwera kwa boma la Mzimba, imakonda kuthera pa chipukutamisozi ndi mwayi wa ntchito. Za madzi a pansi pa nthaka sizimveka kwenikweni, chonsecho ndiwo amamwa anthu ambiri m'midzi yozungulira.

Kampani ya Globe Metals and Mining idalandira chiphaso mu 2021 chokumba niobium ndi tantalum. Koma mwala wa pyrochlore, momwe muli chuma chimenechi, umasunganso yureniyamu. Kuti yureniyamuyo akhale phee kapena ayende mpaka pamjigo, zimadalira mtundu wa madzi omwe akumukhudza.

Pansi kwambiri, pomwe mpweya wa okosijeni sufika, yureniyamu sasungunuka. Miyala ikakumbidwa, kuphwanyidwa ndi kuunjikidwa pamtetete, mpweya ndi mvula zimayamba kumusungunula pang'onopang'ono. Apo nthaka imatithandizabe: dzimbiri lomwe limafiiritsa dothi la katondo limamugwira ngati ulimbo, osapita patali.

Vuto limadza madziwo akakhala ndi bicarbonate ndi calcium wambiri, monga aja ovuta kuchititsa thovu la sopo, osiya zoyera m'ketulo. Yureniyamu amalumikizana ndi michere imeneyi n'kukana kumatirira pa dzimbiri lija, motero amatsagana ndi madzi mtunda wautali. Nitrate wochokera ku feteleza ndi zimbudzi amathanso kudzutsa yureniyamu yemwe adali chigonere. Ku Central Valley m'dziko la America, ulimi wamthirira udachulukitsa bicarbonate pansi pa nthaka, ndipo yureniyamu adakwera m'zitsime popanda mgodi uliwonse.

N'chifukwa chake mijigo iwiri ya mudzi umodzi ingathe kusiyana kwambiri. Madziwo amaoneka oyera, sanunkha, ndipo kuwiritsa sikuchotsa yureniyamu. Bungwe la WHO limati asapyole mamaikilogalamu 30 pa lita imodzi, popeza akachuluka amaononga impso.

Ku Kayelekera m'boma la Karonga, komwe mgodi wa yureniyamu udatsegulidwa mu 2009, nkhani ya madzi a mumtsinje wa Sere idautsa mkangano pakati pa kampani ndi mabungwe. Mzimba ili ndi mwayi wopewa zotere. Bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority, la National Water Resources Authority ndi khonsolo ya M'mbelwa ayeze mijigo yonse yozungulira Kanyika, dzinja ndi chilimwe chomwe. Asayeze yureniyamu yekha, koma okosijeni, asidi, bicarbonate, calcium ndi nitrate womwe, chifukwa izi ndizo zimalosera ngati adzayende.

Zotsatira zake zipachikidwe paboma ndi kwa mafumu, m'Chitumbuka ndi m'Chichewa. Popanda muyeso wa lero, mawa kampani idzati yureniyamuyo adalimo kale, anthu adzati wabwera ndi mgodi, ndipo sipadzapezeka umboni woweruzira mlanduwo.