Bowa wakutchire: ndiwo yabwino yofuna maso odziwa

M'chipululu cha Kalahari, ku Botswana ndi ku Namibia, muli bowa wina amene satulukira pamwamba. Amakulira pansi pa mchenga ngati mbatata, ndipo chaka chimene mvula yagwa bwino anthu amam'peza cha mu April ndi May poyang'ana ming'alu ya pamchengapo. Ku Botswana amamutcha mahupu. Moyo wake uli pa mizu ya zomera za m'chipululumo: iye amazithandiza kupeza madzi, izo zimam'patsa chakudya.

Bowa wathu wa m'mapiri a Neno khalidwe lake ndi lomweli. Ndelema ndi manyame amadalira mizu ya mitengo yachilengedwe monga masuku ndi mombo, pamene utale ndi nyonzwe amalimidwa ndi chiswe m'chulu. Choncho matumba a makala amene amatsikira ku Zalewa amatenganso ndiwo za ana athu. Mtengo ukagwa, ndelema wa pamenepo wapita.

Kwa mayi woyembekezera wa ku Magaleta amene nyama amaiona mwa apo ndi apo, bowa wotendera ndi nsinjiro ndi ndiwo yabwino ndithu, makamaka mu Januwale nkhokwe zitapepuka. Sindingamuletse. Chimene chimandidetsa nkhawa, amayi anzanga, ndi dengu lobwera ndi ana. Agogo athu ankasiyanitsa bowa ndi chirombo chifukwa anaphunzira ali pambali pa amayi awo kutchire. Lero nkhalango yatalikira, ndipo kawirikawiri otumidwa ndi ana amene sanaphunzitsidwe.

Ndelema ali ndi abale ake a mtundu wa Amanita amene amapha, ndipo akadali aang'ono amafanana naye kwambiri. Poizoni wake satha ndi kuwiritsa, kukazinga kapena kuyanika. Zoti bowa wodyedwa ndi tizilombo kapena nkhono ndi wabwino kwa munthu, zimenezo n'zabodza.

Apa mumvetsetse bwino, chifukwa ndi pamene mabanja amanamizika. Bowa woopsa kwambiri sapweteka nthawi yomweyo. Banja limadya madzulo n'kugona bwinobwino. Pakatha maola 6 mpaka 24 ndi pamene kusanza, kupotokola m'mimba ndi kutsegula kumayamba, ndipo poti ndi nyengo ya dzinja, aliyense amaganiza za madzi akumwa kapena kolera. Tsiku lotsatira wodwala amaoneka ngati wachira, mwinanso amapempha phala. Kuchira kumeneku n'konyenga: poizoni amakhala akuwononga chiwindi mwakachetechete. Pofika tsiku lachitatu kapena lachinayi maso amasanduka achikasu, munthu amayamba kubwebweta, kenako kukomoka. Ana ndiwo amafooka msanga chifukwa matupi awo ndi aang'ono.

Munthu akadwala m'mimba atadya bowa, musadikire kuti kuche, ndipo musam'mwetse zitsamba zosanzitsa. M'patseni Thanzi ORS pang'onopang'ono muli pa ulendo wopita ku chipatala cha Magaleta. Onse amene anadya nawo apite, ngakhale amene akuti ali bwino. Mukafika nenani msanga mawu akuti "tinadya bowa" ndi nthawi imene munadya, chifukwa zimenezi zimasintha chithandizo, ndipo mwina angakutumizeni ku chipatala chachikulu cha Neno. Bowa wotsala, wophika kapena wosaphika, mum'kulunge m'pepala mupite naye.