Adadzatipulumutsa kapena adadzatigwira? Mkangano wa kumapiri a Dowa

Pa 6 July paliponse timakumbutsana kuti tidachoka m'manja mwa Angelezi mu 1964. Za momwe tidalowera m'manjamo zimakambidwa mwa apo ndi apo, makamaka kumapiri a Dowa ndi Ntchisi komwe kudalibe nkhondo yotchuka yoti ana aziloweza kusukulu. Ku Kasungu mfuti zidalira mu December 1895, ndipo Angoni a kudera la Chipata adagonja mu January 1898. Ku Dowa, kwa mfumu Chiwere, kudayamba kufika amishoni, ku Mvera mu 1889, wamsonkho n'kubwera pambuyo.

M'mudzi wina kufupi ndi Dzaleka muli gogo wamkazi amene nkhaniyi saimva ngati yakale. Maso adachita khungu, koma ndodo yake imaudziwa mtumbira wokhota womwe uli kumapeto kwa munda wa mdzukulu wake. Wameramo nkhadze, mbuzi zapondaponda, ndipo mlendo angauyese chulu chophwasuka. Gogoyo akuti ndi linga. M'kati mwakemo makolo ake ankagona pamodzi ndi nkhokwe ndi ziweto poopa Angoni, pomwe ena ankathawira m'nkhalango ya phiri la Ntchisi.

Akamafotokoza, amagogoda pansi ndi ndodo kusonyeza pomwe padali khomo. Kenaka amasiya za Angoni n'kulowa za agogo ake aakazi, omwe akuti asilikali adawatenga chikole chifukwa mwamuna wawo adathawira kuthengo atasowa ya msonkho. Adayenda wapansi mpaka ku Boma, mwana ali kumsana, nakhala kumeneko kufikira abale atasonkha ndalama. Pobwerera adapeza nyumba ili phulusa. Gogoyo satchula chaka. Amangoti idali nthawi ya masheleni atatu.

Apa mpomwe anthu a kuno amasiyana. Mkulu wina wa mpingo m'mudzi womwewo amalimbikira kuti mzungu adabweretsa mtendere: anthu adatsika m'mapiri, adatuluka m'malinga, adayamba kulima kutali ndi mudzi osaopa kugwidwa ukapolo. Mfundoyi ili ndi mutu, pakuti midzi idamwazikadi m'zigwa nkhondo zitatha. Gogoyo sakananso zimenezo. Chomwe amakana n'chakuti mtenderewo udali waulere.

Mbiri yolembedwa ikumuikira kumbuyo. Dziko lino lidalengezedwa kuti lili pansi pa chitetezo cha Britain mu 1891, ndipo pasadathe zaka zambiri nyumba iliyonse idayenera kupereka masheleni 3 pachaka. Cha m'ma 1901 msonkho udakwera kufika masheleni 6, koma wogwira ntchito kwa mzungu mwezi umodzi ankapereka theka. Munthu wa ku Dowa, kutali ndi minda ya azungu ya ku Blantyre ndi Zomba, ndalamayo akadaipeza kuti? Amuna adayamba kuyenda milungu wapansi kukafuna ntchito, ena mpaka ku Harare ndi ku Joni, ndipo ambiri adasanduka matchona. Nkhondo ya 1914 itabuka, otsalawo adalembedwa umtengatenga. Kutentha nyumba ndi kugwira akazi chikole zidalembedwanso m'madandaulo a masiku amenewo, si nthano za pamoto ayi.

Kachitidweka kadachitikanso kutali. Pachilumba cha Java, Angelezi adalowa ndi nkhondo mu 1811, chaka chotsatira adaphwanya ndi kufunkha nyumba yachifumu ya ku Yogyakarta, kenaka adakhazikitsa msonkho wa malo, uku akunena kuti akumasula alimi ku mafumu ankhanza. Adachoka mu 1816. Kuno adakhala zaka 73, komabe mkangano wa kupulumutsa ndi kugwira ndi womwewo.

Kunena zoona, mkulu wa mpingoyo akufulumira kuthokoza. Wozimitsa moto pakhomo pako akayamba kukulipiritsa chaka ndi chaka, n'kumadzayatsa yekha ukalephera, dzina loti mpulumutsi limamukulira.

Achinyamata a m'mudzimo alibe nazo ntchito kwenikweni. Kwa iwo mbiri ya dera lino imayambira pa ndende ya andale yomwe idali pa Dzaleka, kenaka msasa wa othawa kwawo womwe udatsegulidwa mu 1994. Lachiwiri amanyamula tomato ndi mbatata kukagulitsa kumsika wa kumsasako, komwe anzawo a ku Congo, Burundi ndi Rwanda ali ndi nkhani zawozawo za Abelijiyamu. Wodula matikiti a msika akatulukira, ena amakokera dengu kuseri kwa benchi, osayang'ana kuti mnzawo ndi wa dziko liti.