Mpando umodzi, ogula awiri: phunziro lochokera ku msika wa Etsy

Wosema ziboliboli ali ndi mpando umodzi wa mtengo wa m'bawa. Waujambula pa foni, wauika pa intaneti, ndipo kasitomala wakutali waukonda mpaka watumiza ndalama. Koma m'mawa wa tsiku lomwelo, mlendo wodutsa pamsika anaugula kale mpandowo. Ndalama ya mwini ili m'thumba, katundu palibe, ndipo kusema wina kutenga masabata. Kasitomala wotere akabwezeredwa ndalama yake sabweranso, ndipo amauza anzake.

Vuto lomweli lakhala likusautsa amisiri a ku America ndi ku Ulaya amene amagulitsa ntchito za manja awo pa Etsy, msika wa pa intaneti umene unayamba m'chaka cha 2005 ku Brooklyn, mumzinda wa New York. Pa msikawu pamapezeka zojambulajambula, mikanda, mbiya, zosoka ndi zosema, ndipo ogulitsa ambiri ndi munthu mmodzi amene amapanga yekha, kulongedza yekha, n'kuyankhanso yekha makasitomala.

M'chaka cha 2017 kampaniyi inakonzanso malo amene ogulitsa amayendetsera bizinesi yawo, n'kuwatcha Shop Manager. Zimene wogulitsa ankazisaka m'malo osiyanasiyana anaziika pamodzi: maoda, katundu amene watsala, mauthenga a makasitomala ndi ndalama zimene zalowa. Wogulitsa akangotsegula, amaona maoda amene akudikira kutumizidwa ndi katundu amene watha.

Pali zinthu zitatu m'makonzedwe amenewa zimene wamalonda aliyense angatolepo kanthu.

Choyamba ndi kuwerenga katundu molingana ndi mtundu wake. Wosoka zikwama atha kunena kuti ali nazo 12, koma kasitomala akufuna chofiira chachikulu, ndipo chimenecho chinatha dzana. Pa Etsy wogulitsa amatha kulemba chiwerengero ndi mtengo wa mtundu uliwonse paokha, n'kupatsa chinthu chilichonse nambala yake imene amaitcha SKU. Chikagulidwa chimodzi, chiwerengero chimatsika chokha, ndipo chikafika pa ziro palibe amene angalipirenso chinthu chimenecho.

Chachiwiri ndi kusanja maoda potengera tsiku limene katundu ayenera kunyamuka. Oda iliyonse imakhala ndi tsiku lake lotumizira, ndipo yatsopano imasiyanitsidwa ndi imene yatha. Mu 2021 kampaniyi inayambanso kupereka chizindikiro cha Star Seller kwa ogulitsa odalirika. Mwa zina, wogulitsa amayenera kuyankha mauthenga 95 mwa 100 aliwonse pasanathe maola 24, komanso kutumiza maoda 95 mwa 100 pa nthawi yake.

Chachitatu chikukhudza nkhani ya mpando ija. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo wogulitsa pamsika ndi pa intaneti nthawi imodzi ali m'mapanga awiri. Mu 2018 Etsy inagwirizana ndi kampani ya Square, imene imapanga timakina tolandirira ndalama pa khadi, kuti chinthu chikagulidwa pamasom'pamaso chichotsedwenso pa chiwerengero cha pa intaneti. Kaundula akhala mmodzi, ngakhale mogulitsira muli muwiri.

Zonsezi sizaulere. Kuika chinthu pa msikawu ndi masenti 20 a ku America, ndipo chimakhalapo miyezi inayi. Chikagulidwa, kampani imadulapo gawo lake, limene linakwera kuchoka pa 3.5 peresenti kufika pa 5 mu 2018, kenaka pa 6.5 mu April 2022. Ndiye kuti pa chinthu cha madola 20, dola imodzi ndi masenti 50 yapita kale, osawerengera ndalama imene amadula pa malipiro a pa khadi. Atakweza kachiwiriko, ogulitsa zikwizikwi anatseka mashopu awo kwa sabata yathunthu posonyeza kukwiya. Amene sankawerengera zodulazi poika mitengo anaona phindu likuchepa pamene malonda akuyenda bwinobwino.

Wosema wa ku Senga Bay, woluka madengu wa ku Mangochi kapena telala wa mu Limbe amene amalandira maoda pa WhatsApp ndi pa Facebook safunika kudikira kampani kuti imukonzere zotere. Kope la masamba 80 ndi cholembera zikwanira.

Chinthu chilichonse chikhale ndi nambala yake, yolembedwa m'kope, pa kapepala komata pa chinthucho, komanso pa chithunzi chimene chatumizidwa kwa makasitomala. Munthu akati akufuna "njovu ija", wogulitsa afunse nambala, chifukwa njovu zosema zimafanana.

Maoda akhale ndi tsamba lawo: dzina la kasitomala, nambala ya katundu, ndalama imene wapereka, yotsala, ndi tsiku limene walonjezedwa. M'mawa uliwonse tsamba limeneli ndilo loyamba kuwerengedwa. Amene ali ndi WhatsApp Business atha kuika katundu wawo ndi mitengo mu katalogi, n'kumaika zizindikiro pa makasitomala zosonyeza oda yatsopano, amene sanalipire ndi amene alipira.

Chinthu chikagulidwa pamsika, chithunzi chake chifufutidwe nthawi yomweyo, kasitomala asanapatsidwe n'komwe chenji. Chimene wina wapereka kale dipoziti chichotsedwe pa benchi, chisaonekenso ngati chili pa malonda. Ndipo ngati chinthu chiyenera kupangidwa kaye, kasitomala auzidwe masiku ake enieni asanatumize ndalama.

Pomaliza pali mtengo. Ndalama yotapira pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ya bandulo, ya katoni yolongedzera ndi yotumizira katundu pa basi, zonsezi zilowe mu mtengo wa chinthu wogulitsa asanautchule. Zikapanda kulowa, zimadya mpamba mwakachetechete.

Loweruka madzulo, wogulitsa awerenge katundu amene ali m'sitolo n'kuyerekeza ndi zimene zili m'kope. Pamene manambala asiyana, pali chinthu chimene chinagulitsidwa osalembedwa, ndipo chithunzi chake mwina chidakali pa foni ya kasitomala amene akukonzeka kulipira Lolemba.