Manja Otikita Amene Afika Kutali

Pakachisi wa Wat Pho mumzinda wa Bangkok ku Thailand pali sukulu yomwe inatsegulidwa mu 1955. Kumeneko ophunzira amagwada pamatiresi, n'kumatikita minofu ndi zala zazikulu, zigongono komanso mawondo, wotikitidwayo ali chivalire.

Akamaliza maphunziro, aliyense amalowera kwake. Ena amalembedwa ntchito m'mahotela ndi m'sitima zapamadzi zonyamula alendo. Ena amawonjezera maphunziro n'kukathandiza m'zipatala, momwe odwala msana ndi mapewa amapezako mpumulo. Alipo otsegula malo awoawo ku London kapena ku Berlin, pomwe anzawo amabwerera m'kalasi kukaphunzitsa.

Mu 2019, bungwe la UNESCO linaika luso limeneli, lotchedwa Nuad Thai, pamndandanda wa miyambo yofunika kusungidwa padziko lonse.